Kukonza ming'alu pa zitsulo zopirira moto wamphamvu, kuyambira poyeza mpaka pokutira

Ntchito imene imabwerera kawirikawiri m'manja mwa amisiri ndi iyi. Chitsulo cha mu injini ya turbine, kaya ndi vane yowongolera mpweya wotentha kapena chipanda choyakiramo mafuta, chang'aluka pamwamba. Mmisiri wapala pang'ono, wapaka chokutira chatsopano, chitsulo chawala bwino. Injini itayaka ndi kuzima maulendo angapo, mng'alu wabweranso pomwe paja, chokutira nacho chayamba kusendeka m'mphepete mwake.

Chifukwa chake n'chakuti chokutira sichimata mng'alu. Ntchito yake ndi kuteteza chitsulo ku moto ndi ku dzimbiri basi. Kuchipaka pamwamba pa mng'alu kuli ngati kupaka laimu pa khoma long'aluka. Mng'alu uyenera kuyeretsedwa mpaka pansi pake, kenako kuchotsedwa kapena kudzazidwa ndi chitsulo chinzake, ndipo chokutira chimabwera pomaliza penipeni. Pa zonsezi, chimene chimagwetsa ntchito kawirikawiri ndi dzimbiri lobisala mkati mwa mng'alu.

Malangizo awa ndi a zitsulo zosakaniza za nickel ndi cobalt, monga Hastelloy X, Inconel 625, IN738 ndi FSX-414. Madigiri onse ndi a Celsius. Ngati buku la wopanga injini likunena nambala yosiyana ndi ya pano, tsatirani bukulo, ndipo pa injini za ndege palibe chokonza chimene chimaloledwa popanda malangizo ovomerezeka.

## Zofunika musanayambe

Zoyezera:
- mankhwala olowa m'ming'alu otchedwa penetrant, a mtundu wowala mumdima, pamodzi ndi developer wake (ufa wokokera penetrant pamwamba kuti aoneke) ndi tochi ya UV-A
- galasi lokuza kakhumi ndi timiyezo ta feeler gauge
- makina a ultrasonic oyezera kukhuthala kwa chitsulo
- cholembera chovomerezeka pa zitsulo za nickel, chopanda sulufule ndi chloride wambiri

Zopalira ndi zoyeretsera:
- galayinda yaing'ono ya mpweya ndi timano take ta carbide
- sandipepala ndi mchenga wowombera wa aluminium oxide, watsopano
- bulashi ya waya wa stainless imene sinakhudzepo chitsulo wamba
- acetone, nsalu zosathothoka ulusi, magolovesi oyera

Zodzazira ndi zokutira:
- ufa wa braze wa nickel (chitsulo chosungunulira m'ming'alu kuti chiidzaze), ufa wa chitsulo chofanana ndi chomwe mukukonza, ndi binder wosakanizira
- jakisoni wapulasitiki wothirira phala, ndi utoto woletsa braze kuyenda wotchedwa stop-off
- ng'anjo ya vacuum (yochotsedwa mpweya mkati) yofika madigiri 1200, ya ma thermocouple (timawaya toyezera kutentha) oyikika pa chitsulo, ndi mpweya wa argon
- chokutira cha mtundu umene unalipo kale
- tizidutswa toyesererapo ta chitsulo chomwecho

Zodzitetezera: chigoba chakumaso chosefa fumbi losalala, magalasi, ndi malo okoka fumbi. Fumbi la nickel ndi cobalt limawononga mapapo, ndipo mankhwala ena okutira ali ndi chromate, yemwe amayambitsa khansa.

Mashopu ambiri alibe ng'anjo ya vacuum, ndipo si vuto. Masitepe 1 mpaka 4 mutha kuwachita nokha, za ng'anjo n'kutumiza kwa amene ali nayo. Komabe dziwani zimene zikuyenera kuchitika kumeneko kuti muzitha kufunsa mafunso oyenera ndi kukana ntchito yolakwika.

## Sitepe 1: Dziwani chitsulo ndi chimene chinachita kuti ching'aluke

Werengani nambala ya chipangizocho n'kupeza m'buku kuti ndi chitsulo chanji, osangoyerekeza ndi maso. Pamaso Hastelloy X ndi IN738 sizisiyana, koma pa moto wa kuwotcherera zimachita mosiyana kotheratu. Hastelloy X, Inconel 625 ndi zitsulo za cobalt monga FSX-414 zimalola kuwotcherera. IN738 ili ndi aluminiyamu ndi titanium pafupifupi 3.4% chilichonse. Ziwirizi ndiye zimaipatsa mphamvu pa moto, komanso ndi zomwe zimaichititsa kung'aluka m'mbali mwa mowotcherera, mwina pozizira, mwina mukaibwezera m'ng'anjo.

Yang'ananinso maonekedwe a ming'aluyo. Yaifupi yambiri yondondozana m'mphepete mopyapyala imabwera chifukwa cha kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza. Ikakhala pamalo amodzi opserera, fufuzani nozzle yopopera mafuta kapena timabowo toziziritsira totsekeka. Pamene chitsulo chadyeka n'kuchita makwinya obiriwira, mchere ndi sulufule wa m'mafuta zagwirizana. Mukapanda kukonza gwero limeneli, chitsulo chokonzedwacho chidzang'alukanso.

Chenjezo: njira ya braze ndi ya zipangizo zosazungulira. Buledi (blade ya turbine) wozungulira amene wang'aluka pa tsinde kapena m'munsi mwake ndi wotaya. Mphamvu imene imamukoka pozungulira ndi yaikulu kuposa imene malo odzazidwa angapirire.

## Sitepe 2: Chotsani chokutira chakale

Chokutira cha ceramic, choyera chija chapamwamba, chimachoka pochiwomba ndi mchenga wa aluminium oxide kapena ndi madzi amphamvu kwambiri. Cha aluminide, chopangidwa ndi aluminiyamu, n'chosiyana, chifukwa chinalowerera m'chitsulo, motero chimachotsedwa poviika mu asidi. Musanaviike, tsekani ndi phula kapena mphira wosadyeka malo onse osafunika kukhudzidwa, makamaka njira zamkati za mpweya.

Kuti mutsimikize kuti chachoka, tenthetsani chitsulocho mumpweya wamba pa madigiri pafupifupi 600. Pamene chachoka pamasanduka pabuluu, pamene chatsalira pamaoneka pachikasu ngati udzu wouma. Malo achikasuwo abwerezeni.

Chenjezo: nthawi iliyonse imene aluminide achotsedwa, kachigawo ka chitsulo chenicheni kamapita naye. Yezani kukhuthala musanachotse ndi mutachotsa. Chipangizo chimene chakonzedwapo kangapo chikhoza kukhala chitapyapyala kale kupitirira malire a m'buku. Musasiyenso chitsulo mu asidi kupyola nthawi yolembedwa, chifukwa asidi amayamba kudya m'malire a timibulu ta chitsulo n'kupanga ming'alu ina imene panalibe.

## Sitepe 3: Pezani ming'alu yonse

Ming'alu imene mwaiona ndi maso si yonse.

1. Tsukani ndi acetone, chiume, ndipo chisatenthe kupitirira madigiri 50.
2. Ngati mwawomba mchenga kapena kupala, pukutani pamwamba ndi asidi wofooka wovomerezeka. Kupala kumakokera chitsulo pakamwa pa mng'alu n'kuutseka, ndiye penetrant salowa.
3. Pakani penetrant, mumusiye mphindi 20 mpaka 30. Mphindi 10 zimene zimalembedwa pa zitini zambiri n'zochepa pa ming'alu yothina ya chitsulo chimene chakhala pa moto.
4. Pukutani wotsala ndi nsalu youma, kenako ndi nsalu yonyowetsedwa pang'ono. Musathire mankhwala otsukira molunjika pa chitsulo, chifukwa mudzatsukanso amene alowa mu mng'alu.
5. Wazani developer mopyapyala, dikirani mphindi 10, kenako unikani ndi tochi ya UV m'chipinda chamdima. Patsani maso anu mphindi imodzi kapena ziwiri kuti azolowere mdimawo.
6. Zunguzani mng'alu uliwonse, mulembe kutalika ndi kukula kwa kamwa lake pa chojambula cha chipangizocho.

Chenjezo: musagwiritse penetrant wofiira pa chitsulo chimene chidzayezedwenso ndi wowala mumdima. Wofiira akatsalira mu mng'alu amazimitsa kuwala kwa mnzakeyo. Pensulo wamba nayo ayi: kaboni wake amalowa m'chitsulo chikatentha.

## Sitepe 4: Sankhani njira molingana ndi mng'alu

Mng'alu wosaya, umene mukaupala chitsulo chotsala chidakali m'malire a kukhuthala, ingouchotsani. Palani ndi kadzino ka carbide mpaka penetrant asaonetsenso kanthu, kenako salazani dzenjelo kuti likhale lotambalala lopanda ngodya, m'lifupi mwake kakhumi kapena kuposa poyerekeza ndi kuya kwake. Dzenje lokumbika ngati mphako limasonkhanitsa mphamvu pamalo amodzi ndipo mng'alu watsopano umayambira pomwepo. Palani pang'onopang'ono, chitsulo chikayamba kusintha mtundu ndiye kuti mwatenthetsa. Mukamaliza kusalaza pitani ku sitepe 9.

Mng'alu wautali umodzi pa chitsulo cholola kuwotcherera, ukumbeni wonse ngati V n'kuwotcherera ndi TIG (kuwotcherera kwa magetsi kotetezedwa ndi argon), moto wochepa, argon kutsogolo ndi kuseri, ndi waya wolembedwa m'buku. Pa Inconel 625 wayayo ndi ERNiCrMo-3.

Ming'alu yambiri yothina, kapena iliyonse pa chitsulo chokana kuwotcherera, ndiyo ya braze. Ubwino wake ndi woti chitsulo chonse chimatenthera pamodzi m'ng'anjo, motero sichipindika, ndipo ming'alu makumi angapo imadzazidwa ulendo umodzi. Kukula kwa kamwa ndiko kumanena phala loyenera. Mng'alu wosapitirira mamilimita 0.1 umakoka wokha braze wosungunuka. Wokulirapo, mpaka pafupifupi milimita imodzi, umafuna braze wosakaniza ndi ufa wa chitsulo chenicheni. Pamene pachoka chidutswa chathunthu pamafuna chigamba, osati phala.

## Sitepe 5: Yeretsani mkati mwa mng'alu

Apa ndi pamene ntchito imapambanira kapena kulepherera. Mng'alu umene wakhala pa moto kwa maola zikwi umakhala utakutidwa ndi dzimbiri m'makoma ake onse mpaka kunsonga. Braze wosungunuka samamatira pa dzimbiri. Amangodutsa pakamwa n'kutseka pamwamba, pansi n'kusiya mphako. Mukayeza ndi penetrant zimaoneka bwino, koma mng'alu uli chikhalire.

Bulashi, mchenga ndi acetone sizifika mkati mwa mng'alu wothina. Njira zimene zimafika ndi izi.

Pa zitsulo za cobalt ndi za nickel zopanda aluminiyamu wambiri, dzimbiri lake kwenikweni ndi la chromium. Limachoka potenthetsa chitsulo mu hydrogen wouma kwambiri pa madigiri 1150 mpaka 1200 kwa maola angapo. Hydrogen wachinyezi amabwezeretsa dzimbiri m'malo molichotsa, choncho funsani a ng'anjo kuti akuonetseni dew point (muyezo wa chinyezi cha hydrogen) ya ulendowo. Ikhale pansi pa madigiri -50.

Pa IN738 ndi zinzake, dzimbiri ndi la aluminiyamu ndi titanium, ndipo hydrogen saligonjetsa. Pamafunika njira yotchedwa fluoride ion cleaning, pomwe mpweya wa hydrogen fluoride umalowetsedwa m'ng'anjo yotsekedwa pa madigiri pafupifupi 1000. Mpweyawo umasandutsa dzimbiri kukhala nthunzi imene imatuluka, ndipo umachepetsanso aluminiyamu ndi titanium pa khungu la chitsulo, zomwe zimathandiza braze kuyenda. Ukapitirira muyezo umadya m'malire a timibulu ta chitsulo. N'chifukwa chake kachidutswa koyeserera kong'aluka kayenera kulowa limodzi, kenako kadulidwe n'kuunikidwa pa maikulosikopu. Iyi ndi ntchito ya fakitale yokhala ndi zida zake. Hydrogen fluoride amapha, ndipo si woyesera m'shopu wamba.

Ngati njira ziwirizi palibe, chotsala ndi kuukumba mng'alu wonse ndi carbide mpaka chitsulo chowala chionekere ponseponse, n'kuusandutsa ngalande yotseguka yodzaza ndi phala losakaniza. Zimatheka pa ming'alu yochepa yofikirika. Pa ming'alu yambirimbiri yoyandikana mungothera chitsulo.

Chenjezo: chitsulo chikayera, chigwireni ndi magolovesi okha, chisungeni m'thumba lotseka, ndipo thirani phala mwamsanga. Musapakenso penetrant pakati pa sitepe ino ndi ng'anjo, chifukwa mafuta ake adzadetsa mng'alu umene mwavutikira kuuyeretsa.

## Sitepe 6: Konzani ndi kuthira phala

Ufa wa braze ndi nickel wothiridwa boron, silicon kapena zonse ziwiri kuti asungunuke msanga kuposa chitsulo chimene mukukonza. Mitundu yodziwika ndi iyi. BNi-2 ali ndi chromium 7%, boron pafupifupi 3% ndi silicon 4.5%, amayamba kusungunuka pa madigiri 971 n'kumaliza pa 999. BNi-9 ali ndi chromium 15% ndi boron pafupifupi 3.6%, alibe silicon, amasungunuka pa 1055. BNi-5 ali ndi chromium 19% ndi silicon 10%, alibe boron, amasungunuka pakati pa 1079 ndi 1135.

Pa ma vane onyamula katundu wolemera, wa boron yekha ndiye woyenera. Boron ndi wamng'ono, amalowerera msanga m'chitsulo n'kuchoka pamalo odzazidwawo. Silicon amachedwa, amatsalira n'kupanga timiyala tophwanyika msanga. Koma pa malata opyapyala zinthu zimatembenuka: boron amasungunula chitsulo choyandikana nacho mpaka kuboola, ndiye BNi-5 amakhala wabwino.

1. Pa mng'alu waukulu, sakanizani ufa wa braze ndi ufa wa chitsulo chenicheni. Kawirikawiri amayambira theka ndi theka pa kulemera, kapena magawo 40 a braze pa 60 a chitsulo. Braze akachuluka phala limayenda bwino koma malowo amakhala ophwanyika. Akachepa, malowo amalimba koma amatsala ndi timabowo.
2. Yezani pa sikelo, osati ndi supuni, chifukwa maufa awiriwa salemera mofanana.
3. Onjezani binder pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse. Takasani pang'onopang'ono kuti musalowetse thovu.
4. Thirani ndi jakisoni kuyambira kunsonga imodzi mpaka ina osadukiza, mukukanikizira mkati.
5. Unjikani pamwamba. Binder akapsa ndipo ufa ukasungunuka, phala limatsika kwambiri, nthawi zambiri pafupifupi ndi theka.
6. Jambulani mzere wa stop-off kuzungulira, kutalikirana ndi phala mamilimita awiri kapena atatu, ndipo tetezani timabowo toziziritsira tonse toyandikira.
7. Umitsani mu uvuni pa madigiri pafupifupi 100 kwa ola limodzi.

Chenjezo: kadontho ka stop-off kakagwera mu mng'alu, braze salowamo. Gwiritsani kabulashi kosiyana, ndipo stop-off aume asanayandikire phala.

## Sitepe 7: M'ng'anjo

Ikani chitsulo pa mbale za ceramic, osati pa graphite mwachindunji, ndipo chigoneke moti phala likasungunuka litsikire mu mng'alu osati kuyenderera kumbali. Thermocouple imodzi ikhale pa gawo lokhuthala, ina pa lopyapyala. Kachidutswa koyeserera kokhala ndi mpata wofanana ndi mng'alu wanu waukulu kalowe nawo.

1. Popani mpweya mpaka vacuum ifike 0.0001 mbar kapena pansi pa pamenepo musanayatse moto.
2. Kwezani moto pang'onopang'ono, pafupifupi madigiri 10 pa mphindi.
3. Imani pa madigiri 450 mpaka 500 kuti binder apse n'kutuluka. Geji ya vacuum idzasonyeza kuti utsi wachuluka. Musapitirire mpaka itabwerera mwakale.
4. Imaninso madigiri 20 kapena 30 pansi pa pamene braze amayambira kusungunuka, kwa mphindi 15 mpaka 30, kuti ma thermocouple onse agwirizane.
5. Kuchokera apo kwezani msanga. Mukachedwa pakatipa, gawo losungunuka msanga limathawa lokha n'kusiya chigoba cholimba chimene sichidzayendanso.
6. Khalani pa kutentha kwa braze mphindi 10 mpaka 30. Pa maufa a boron okonzera ma vane kumakhala pakati pa madigiri 1150 ndi 1200, malinga ndi pepala la wopanga ufawo.
7. Tsitsani pang'ono n'kukhala maola angapo kuti boron alowerere.
8. Ziziritsani ndi argon.

Gawo la 7 la mndandandawu ndi limene anthu amakonda kulidula pofuna kusunga magetsi, ndipo ndi limene limapereka mphamvu. Boron akamachoka mu mng'alu, madzi a chitsulo aja amauma okha ng'anjo idakali yotentha, n'kusanduka chitsulo chofanana ndi cha m'mbali mwake, chimene sichingasungunukenso pa kutentha kumene chinasungunukira poyamba. Mukazimitsa msanga, madzi otsala pakati amauma ali ndi boron wambiri, n'kusiya kamzere kolimba kophwanyika pakati penipeni. Mng'alu watsopano umatsata kamzere kameneko. Nthawi yofunika imakwera mofulumira kuposa kukula kwa mpata: mpata ukakula kawiri, nthawi imakula kanayi. Ngati mpata wa mamilimita 0.05 umafuna maola awiri pa ufa wina, wa 0.1 udzafuna pafupifupi asanu ndi atatu pa ufa womwewo ndi kutentha komweko. Ufa wa chitsulo chenicheni uja umathandiza pomwepa, chifukwa timibulu take timamwa boron kuchokera mkati.

Chenjezo: chitsulo chikatuluka chakuda kapena chabuluu, ng'anjo ikulowa mpweya. Chiyenera kutuluka chowala.

## Sitepe 8: Salazani ndi kuyezanso

Palani braze wotumphuka mpaka afanane ndi thupi la chitsulo, pukutani ndi asidi wofooka uja, kenako bwerezani penetrant monga pa sitepe 3. Mzere wowala wotsata mng'alu wakale ukutanthauza kuti braze sanagwire, ndipo mubwerere ku sitepe 5, osati ku 6. Timadontho tomwazikana ndi timabowo ta m'phala. Buku limanena kukula ndi kuchuluka kololedwa.

Penetrant amangoona pamwamba, choncho dulani kachidutswa koyeserera muone ngati braze wafika pansi ndiponso ngati pakati palibe kamzere kophwanyika. Pa zipangizo zofunika kwambiri jambulani X-ray. Lowetsani kawaya koyezera m'kabowo koziziritsira kalikonse. Kamodzi kotsekeka n'kokwanira kupsereza malo owazungulira.

## Sitepe 9: Kutira

Bwezerani mtundu umene unalipo. Malo oti akutidwe awombeni mchenga wa aluminium oxide watsopano, muuzirepo mpweya wouma wopanda mafuta, ndipo mukutire pasanathe maola awiri kapena anayi.

Aluminide wopaka. Uyu ndiye wothandiza pokonza malo ochepa. Ndi ufa wa aluminiyamu, nthawi zina ndi silicon, wosakanizidwa m'madzi ake. Wombani mchenga wosalala wa nambala 220 ndi mphamvu yochepa. Takasani bwino chifukwa ufa umakhala pansi, kenako wazani mopyapyala kangapo, gawo lililonse liume linzake lisanabwere. Ambiri a mtunduwu amaumitsidwa pa madigiri 80, kuwotchedwa pa 340, kenako kulowetsedwa m'chitsulo pa 870 mpaka 885 kwa maola awiri mu argon kapena vacuum. Akatuluka, pamwamba pamakhala phulusa lofumbutuka limene mumachotsa powomba mofatsa. Chotsala ndi khungu la mamilimita 0.025 mpaka 0.075 lolowerera m'chitsulo. Lokhuthala kuposa apa limang'aluka lokha likamazizira, ndipo ming'alu yakeyo imatsikira m'chitsulo. Ndiye kuwonjezera kuti chilimbe kumangobweretsa vuto lomwe mukuthawa.

MCrAlY. Ndi ufa wa nickel kapena cobalt wokhala ndi chromium, aluminiyamu ndi yttrium pang'ono, wowazidwa ndi mfuti yamoto yowazira ufa, ya mtundu wa HVOF kapena wa plasma, kukhuthala mamilimita 0.1 mpaka 0.2 kawirikawiri. Umafuna mchenga wokhakhala kuti ugwire. Ukawazidwa umalowa m'ng'anjo ya vacuum, nthawi zambiri pa madigiri 1080 kwa maola anayi, kuti ulumikizane ndi chitsulo.

Ceramic wotchinga moto. Ndi zirconia wokhala ndi yttria 7% mpaka 8%, wowazidwa ndi plasma pamwamba pa MCrAlY, kukhuthala mamilimita 0.25 mpaka 0.5. Sagwira pa chitsulo chopanda MCrAlY pansi, ndipo sagwira ngati MCrAlY wasalazidwa. Amayenera kukhala ndi timipata mkati mwake kuti azitha kufutukuka limodzi ndi chitsulo. Wothinana kwambiri amasendeka msanga. Mfuti iloze molunjika momwe kungathekere, ndipo m'mphepete mwa chokutira mutsike pang'onopang'ono, musathere ngati phompho.

## Sitepe 10: Bwezerani mphamvu ya chitsulo

Moto wa braze umasokoneza timibulu tamkati timene timalimbitsa chitsulo, ndipo tiyenera kubwezeretsedwa. IN738 imafuna madigiri 1120 kwa maola awiri, kuziziritsa msanga, kenako 845 kwa maola 24. Konzani ndondomeko kuti moto wolowetsa chokutira ugwirizane ndi magawo amenewa, ndipo moto wotsika wa nthawi yaitali ukhale womaliza. Mukautsogoza n'kubwera ndi wamphamvu pambuyo, mwafufuta zimene unachita. Lembani zonse pa khadi la chipangizocho: ufa, nambala ya mtolo wake, kutentha, maola, ndi kukhuthala kotsala.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kumata ndi phala la m'chubu. Maphala ogulitsidwa kuti amapirira moto angatseke kabowo pa paipi ya utsi ya galimoto kwa kanthawi. Pa turbine amasweka, ndipo zidutswa zake zimakamenya mabuledi otsatira m'njira ya mpweya.

Kukhulupirira maonekedwe a pamwamba. Braze wosalala, penetrant woyera, koma pansi mphako. Kachidutswa koyeserera kokha ndiko kamaulula. Amene akukuchitirani ntchito ya ng'anjo akalephera kukuonetsani chithunzi chake cha pa maikulosikopu ndi pepala la kutentha kwa ulendowo, musalandire katunduyo.

Kudetsa chitsulo ndi zinthu zosungunuka msanga. Mtovu, zinki, mkuwa ndi sulufule zimalowa m'malire a timibulu ta nickel pa moto n'kung'alula chitsulo chimene chinali chabwino. Gwero lake limakhala nyundo ya mtovu kapena ya mkuwa, waya wa galvanised womangirira chizindikiro, choko cholembera, girisi, ngakhale mwala wa galayinda umene unapalapo zitsulo zina. Zida za nickel zikhale m'bokosi lakelake.

Kuwomba mchenga wogwiritsidwa kale ntchito. Umanyamula dzimbiri la zitsulo zina n'kulikhomera pamwamba. Kuwomba mwamphamvu kwambiri nakonso kumasiya timibulu ta mchenga titazika m'chitsulo, ndipo chokutira sichigwira pamenepo.

Kuthira braze wambiri. Wotsala amayenderera, kusungunula mphepete zopyapyala ndi kutseka timabowo. Muunjike wokwanira kudzaza mng'alu phala likatsika, osati kuphimba dera lonse.

Kusiya nsonga ya mng'alu. Mng'alu umapitirira pang'ono pamene penetrant wathera. Popala kapena pothira phala, pyolani mamilimita awiri kapena atatu mbali zonse.

Kubwereza braze kosatha. Ulendo uliwonse umawonjezera boron m'chitsulo choyandikana, ndipo chimanka chiphwanyikira. Mabuku okonzera amaika malire a maulendo. Ngati malo omwewo alephera kawiri, vuto lili pa kuyeretsa kapena pa ng'anjo, ndipo ulendo wachitatu wa phala lomwelo sudzasintha kanthu.

Kukutira timabowo toziziritsira. MCrAlY ndi ceramic zimachepetsa kamwa la kabowo kalikonse kamene sikanatetezedwe. Yezani kayendedwe ka mpweya chitsulo chisanakutidwe ndiponso chitakutidwa, ndipo timene tachepa titsegulidwe ndi kadzino ka diamondi chipangizocho chisanabwerere mu injini.